Ana Olumala pa Khomo la Sukulu: Mbiri ya Malamulo a Maphunziro ku Johannesburg

Mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu ankautcha Joni, si wachilendo kwa anthu olankhula Chicheŵa. Chiyambire pamene golidi adapezeka kumeneko m'chaka cha 1886, amuna a ku Malaŵi, a kum'maŵa kwa Zambia ndi a ku Tete akhala akupita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'nyumba za Azungu, ena kudzera kwa Wenela, ena paulendo wa selefu. Masiku ano ambiri sapita okha monga kale. Akhazikika komweko ndi akazi ndi ana awo. Pakati pa ana ameneŵa alipo osaona, alipo osamva, alipo opuwala miyendo, ndiponso ena amene nzeru zawo zimakula mochedwa. Kholo la mwana wotere limafika pa tsiku lofunsa kuti: kodi mwanayu akaphunzira kuti, ndipo adzamlandira ndani? Yankho la funso limeneli lakhala likusinthasintha kwa zaka zoposa 160, ndipo Abusa ndi nthumwi za Sinodi apeza kuti mipingo ili m'kati mwa mbiri imeneyi kuyambira pachiyambi, m'zabwino zake ndi m'zochititsa manyazi zomwe.

Ntchito yophunzitsa ana olumala m'dziko la South Africa idayambidwa ndi mipingo, ndipo lamulo la Boma lidabwera m'mbuyo patapita zaka 65. M'chaka cha 1863 masisitere a Dominican ochokera ku Ireland adatsegula sukulu ya ana osamva ku Cape Town, imene idatchedwa ndi dzina la Bishopu Thomas Grimley. Poyamba sukuluyi inkalandira ana osayang'ana khungu, ndipo ankaphunzitsidwa ndi zizindikiro za manja zimene masisiterewo adabwera nazo kuchokera kwawo. M'chaka cha 1881 mpingo wa Dutch Reformed udatsegula sukulu ya osamva ndi osaona ku Worcester, ndipo mphunzitsi wamkulu woyamba adali Jan de la Bat. Mmodzi wa amene adalimbikira kuti sukuluyi ikhazikitsidwe adali Mbusa William Murray wa ku Worcester komweko, bambo wake wa William Hoppe Murray, uja adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene lidatuluka m'chaka cha 1922. Tsono n'zosadabwitsa kuti amishoni a mpingo womwewo atafika kumaiko athu adayamba ntchito yofanana: Mai Issie Hofmeyr adayamba kuphunzitsa osaona ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'chaka cha 1905, ndipo pambuyo pake kudatsegulidwa sukulu ya osaona ya Chilanga ku Kasungu.

Johannesburg adachedwerapo. Sukulu ya ana osamva ya St Vincent, ku Melrose, idatsegulidwa m'chaka cha 1934 ndi masisitere a Dominican ochokera ku King William's Town, ndipo idali ya ana a Azungu. Kaphunzitsidwe kake kadatsata chigamulo cha msonkhano wa aphunzitsi a osamva umene udachitikira ku Milan m'chaka cha 1880, chakuti mwana wosamva aphunzitsidwe kutulutsa mau ndi pakamwa ndi kuŵerenga milomo ya wolankhula, manja akhale pansi. Ana ambiri amene adabadwa osamva sadathe kufikapo, ndipo zaka zimene akadaphunzira masamu ndi mbiri zidathera pa kuyeseza kutchula mau amene iwo eni sankaŵamva. Komatu usiku m'nyumba zogonera, aphunzitsi atachoka, anawo ankacheza ndi manja, wamkulu kuphunzitsa wamng'ono. Chinenero chamanja cha ku South Africa chidakulira m'malo otere, mobisa. M'chaka cha 1948 makolo adayambitsa sukulu ya Forest Town, yoyamba m'dzikomo yosamalira ana amene ubongo wawo udavulala pobadwa kapena ali makanda kotero kuti ziŵalo zawo sizimvera bwino.

Lamulo loyamba la Boma lidali Vocational Education and Special Schools Act la m'chaka cha 1928, limene lidapatsa Boma mphamvu yomanga ndi kuthandiza ndi ndalama sukulu za ana olumala. M'chaka cha 1937 lidakonzedwanso kuti likakamize makolo kutumiza ana otere kusukulu, ndipo m'chaka cha 1948 kudadza Special Schools Act. Maganizo a m'malamulo ameneŵa adali a kuchipatala: dokotala ayeze mwana, atchule vuto lake, ndipo mwanayo atumizidwe ku sukulu ya ana a vuto lomwelo, kaŵirikaŵiri kutali ndi kwawo. Phindu la malamulowo lidagwera ana a Azungu. Ngakhale sukulu za mipingo zija zidagaŵikana monga mwa khungu: ku Worcester kudatsegulidwa sukulu ya Nuwe Hoop m'chaka cha 1933, ndipo ku Wittebome sukulu ya Dominican m'chaka cha 1937, zonse ziŵiri za ana amene sadali Azungu. Za mwana wakuda wosamva kapena wosaona wa m'makomboni a Johannesburg panalibe wolabadirako, kufikira mbusa wina wa Anglican adaikapo mtima.

Mbusayo adali Arthur Blaxall, amene adabadwa m'chaka cha 1891 ku England nafika ku South Africa m'chaka cha 1923 kudzatumikira pakati pa anthu osamva. Atagwira ntchito pa sukulu ya osaona ya Athlone ku Cape, iye ndi mkazi wake Florence adasamukira ku Transvaal, ndipo m'chaka cha 1939 adatsegula malo ophunzitsira anthu akuda osaona ntchito zamanja ku Roodepoort, kumadzulo kwa Johannesburg. Malowo adatchedwa Ezenzeleni, dzina la Chizulu lonena za malo amene anthu amadzichitira okha zinthu. M'zaka zoyambirira za m'ma 1940, pafupi pomwepo padayambika sukulu ya Kutlwanong, kutanthauza malo omvana, yoyamba ya ana akuda osamva m'chigawo chonse cha Transvaal. Mai Blaxall adadziŵika chifukwa chophunzitsa mnyamata wachizulu, Radcliffe Dhladhla, amene adali wosaona ndiponso wosamva, pomlola kugwira milomo ndi pakhosi pa wolankhula kuti azindikire mau ndi zala. Blaxall yemweyu ndiye adatsogolera zoitana Helen Keller, mai wotchuka wa ku America amene adali wosaona ndi wosamva, kuti adzayendere dzikolo m'chaka cha 1951. Mathero a utumiki wake akutiphunzitsa kanthu za nyengo imene ankakhalamo. M'chaka cha 1963, ali ndi zaka 72, adamangidwa napezeka wolakwa pa mlandu wothandiza mabungwe oletsedwa a ANC ndi PAC. Adatulutsidwa msanga, koma adachoka m'dzikomo kubwerera ku Britain, kumene adamwalira m'chaka cha 1970. Munthu amene adayamba ndi kulukitsa madengu anthu osaona adafika poona kuti tsankho ndi kulumala zidali kupanikiza mwana mmodzi yemweyo.

Lamulo la Bantu Education Act la m'chaka cha 1953 lidalanda mipingo sukulu zambiri za anthu akuda, koma sukulu za olumala zidakhalabe kwenikweni m'manja mwa amishoni, Boma likuthandizako ndi ndalama monga mwa lamulo la Bantu Special Education Act la m'chaka cha 1964. Thandizolo lidabwera ndi chingwe. Sukulu zatsopano zidamangidwa m'maiko aang'ono aja Boma la tsankho lidapatulira mtundu uliwonse, ndipo mwana ankatumizidwa monga mwa chinenero cha makolo ake: wa Chixhosa ku Efata pafupi ndi Umtata, wa Chizulu ku Vuleka ku Nkandla, wa Chitswana kapena Chisuthu ku Bartimea ku Thaba Nchu, wa Chivenda ku Tshilidzini. Kutlwanong nayo idasamutsidwira ku Rustenburg. Taganizani za kupusa kwa dongosolo limeneli: mwana wobadwira ku Soweto, amene sadamvepo liu limodzi la Chizulu chibadwire, kutengedwa mtunda wa makilomita mazanamazana chifukwa chakuti chitupa cha bambo wake chidati ndi Mzulu. Zambiri mwa sukuluzi zidayendetsedwa ndi mishoni ya Dutch Reformed. Ndi zoona kuti popanda amishoniwo ana zikwi sakadaona m'kati mwa kalasi. Ndi zoonanso kuti adalola kumanga pa maziko amene Boma la tsankho lidaŵayalira. Wolemba mbiri sayenera kubisa chimodzi mwa ziŵirizi pofuna kukometsa chinzake.

Pali chinthu china chodabwitsa. Popeza Boma silidafune kuononga ndalama zogulira ana akuda makina othandiza kumva, ndiponso silidayembekezere zambiri kwa iwo, m'sukulu zawo manja sadaletsedwe kolimba monga m'sukulu za Azungu. Aphunzitsi ankagwiritsa ntchito zizindikiro zochokera ku Britain zotchedwa Paget-Gorman, zimene sizidali chinenero chenicheni, koma anawo adapeza mpata wokuza chinenero chawochawo. Kunyozedwa kudaŵasungira chimene anzawo oyera ankalangidwa nacho. Koma maphunziro awo ankalekera m'makalasi a pulayimale, kenaka kusoka, ukalipentala ndi kukonza nsapato. Soweto, ndi unyinji wake wonse wa anthu, adadikira kufikira m'chaka cha 1978 kuti akhale ndi sukulu ya ana osamva, ya Sizwile ku Dobsonville, imene idayambidwa ndi Akatolika. Dzina lake m'Chizulu likutanthauza kuti tamva.

Nthaŵi imeneyi maiko ena adali atayamba njira ina. Ku United States lamulo la m'chaka cha 1975 lidalamula kuti mwana aliyense wolumala alandire maphunziro aulere omuyenera, ndipo ngati n'kotheka pamodzi ndi anzake. Ku Britain lipoti la Mary Warnock la m'chaka cha 1978 lidalangiza kuti aleke kuika ana m'magulu monga mwa dzina la matenda, koma afunse chimene mwana aliyense akusoŵa kuti aphunzire. Ku South Africa kusintha kudachokera kwa olumala eni ake, ndipo kudayambira ku Soweto. Zipolowe za m'chaka cha 1976 ndi za zaka zotsatira zidasiya achinyamata ambiri opuwala ndi zipolopolo. Friday Mavuso, amene iye mwini adalumala ataomberedwa ndi apolisi, adayambitsa ndi anzake bungwe la Self Help Association of Paraplegics m'chaka cha 1981, ndipo adatsegula fakitale yoyendetsedwa ndi anthu a pa njinga za olumala. M'chaka cha 1984 kudabadwa bungwe la Disabled People South Africa, losonkhanitsa olumala a mitundu yonse, akuda ndi oyera. Iwo adakana kuonedwa ngati odwala oyenera chifundo chabe. Adati masitepe a pakhomo, mabuku osaŵerengeka ndi zala, ndi mphunzitsi wosadziŵa manja ndizo zimatsekera munthu kunja. Chikalata chawo cha ufulu wa olumala cha m'chaka cha 1992 chidafuna kuti mwana wolumala akhale ndi ufulu wophunzira m'sukulu wamba, ndi thandizo lomuyenera.

Patangopita milungu yochepa chichitikire chisankho cha pa 27 April 1994, maboma 92 ndi mabungwe 25 adasonkhana ku Salamanca, m'dziko la Spain, nagwirizana kuti sukulu wamba zilandire ana onse. Boma latsopano la South Africa lidalemba malamulo ake mphepo imeneyi ikuomba. Malamulo aakulu oyendetsera dziko a m'chaka cha 1996, m'gawo 9, amaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala, ndipo gawo 29 limapereka kwa aliyense ufulu wa maphunziro oyambirira. Lamulo la South African Schools Act la chaka chomwecho lidathetsa kugaŵa sukulu monga mwa khungu, lidakakamiza maphunziro kuyambira zaka 7 kufikira 15, lidalamula akuluakulu a maphunziro m'zigawo kuti, kumene kuli kotheka, ana a zosoŵa zapadera aphunzire m'sukulu wamba, ndiponso lidavomereza chinenero chamanja kukhala chophunziramo m'sukulu za Boma. Mau akuti kumene kuli kotheka adaoneka aang'ono pa pepala, koma ndiwo adasanduka khomo lothaŵirapo akuluakulu ambiri.

Makomiti aŵiri amene adasankhidwa m'chaka cha 1996 adapereka lipoti lawo m'chaka cha 1997, ndipo kuchokera m'menemo mudatuluka chikalata cha Education White Paper 6, chimene nduna ya maphunziro Kader Asmal adalengeza mu July 2001. Ziŵerengero zake zidaonetsa choloŵa cha tsankho poyera. M'dziko lonse mudali sukulu zapadera 380 zokhala ndi ana oposa 64,000, pamene ana olumala pafupifupi 280,000 ankaganiziridwa kuti sali pa sukulu iliyonse. Mwa sukulu 380 zija, 96 zidali m'chigawo cha Gauteng, m'mene muli Johannesburg, ndipo 82 ku Western Cape. Ndiko kunena kuti pafupifupi theka lidali m'zigawo ziŵiri zolemera. Dongosolo latsopano lidali la zaka 20. Mwana wosoŵa thandizo lochepa aphunzire pa sukulu ya pafupi ndi kwawo. Sukulu za pulayimale 500 zikonzedwe ndi zipangizo ndi aphunzitsi ozoloŵera kuti zilandire ana osoŵa thandizo lokulirapo. Sukulu zapadera zisatsekedwe, koma zisamalire ana osoŵa thandizo lalikulu koposa, ndi kukhala nkhokwe za luso zothandiza sukulu zozungulira. M'boma lililonse la maphunziro mukhale gulu la akatswiri loyendera aphunzitsi. M'chaka cha 2007 dzikolo lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene Malaŵi adavomereza m'chaka cha 2009.

Chikalata cha 2001 chidali ndi chofooka chimodzi chachikulu: chidali ndondomeko chabe, osati lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo sichidabwere ndi thumba lake la ndalama lokwanira. Kholo silikadatha kupita nacho kubwalo la milandu monga limapitira ndi lamulo. Chifukwa chake amene adamenyera ana adatsamira pa malamulo aakulu a dziko. Bungwe la Western Cape Forum for Intellectual Disability lidasumira Boma chifukwa cha ana a nzeru zochedwa kwambiri, amene sukulu zapadera zomwe zinkaŵakana ponena kuti sangaphunzitsike. Bwalo lidamva kuti Boma linkapereka R5,092 pachaka pa mwana wotere m'malo osungirako ana oyendetsedwa ndi mabungwe, pamene pa mwana wa m'sukulu yapadera linkaononga R26,767. M'chaka cha 2010 woŵeruza adagamula kuti ufulu wa anawo udaphwanyidwa. Chaka chotsatira, pa mlandu wa sukulu ya Juma Musjid, Bwalo la Malamulo Aakulu, limene limakhala ku Braamfontein pa malo a ndende yakale ya Johannesburg, lidanena kuti ufulu wa maphunziro oyambirira uyenera kuperekedwa nthaŵi yomweyo, osadikira kuti Boma lipeze chuma pang'onopang'ono monga zimakhalira ndi ufulu wa nyumba.

Ngakhale zidatero, chaka cha 2015 chidabweretsa malipoti oŵaŵa. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba kuti ana olumala pafupifupi theka la miliyoni adali kunja kwa sukulu, kuti ambiri ankakhala zaka pa mndandanda wodikira malo, ndiponso kuti makolo a ana a m'sukulu zapadera ankalipira fizi pamene ana a m'sukulu wamba za m'madera osauka ankaphunzira ulere. Maloya a bungwe la SECTION27, la ku Braamfontein, adafufuza sukulu 22 za ana osaona napeza kuti mabuku a zilembo za Braille adali osoŵa kwambiri, ndipo aphunzitsi ambiri sankadziŵa kuŵerenga zilembozo. Sukulu zapadera, zimene zinkayenera kupepukidwa, zidachuluka m'malo mwake, chifukwa sukulu wamba zidapitiriza kutumiza kwina mwana aliyense wovuta kuphunzitsa. Mphunzitsi wa m'kalasi yodzaza, amene sadaphunzitsidwepo za ana otere, sitingamuweruze mofulumira. Koma zotsatira zake zidagwera mwana.

Tisaganize kuti olumala onse amafuna chinthu chimodzi. Anthu osamva ambiri amakayika za kuika mwana wosamva yekha m'kalasi ya ana akumva, kumene alibe wocheza naye. Kwa iwo sukulu ya osamva ndi mudzi umene chinenero chawo chimapatsirana. Pa mbali imeneyi ndiye papita patsogolo kwenikweni. Chinenero chamanja chidayamba kuphunzitsidwa monga phunziro la chinenero cha makolo m'chaka cha 2015, ndipo ophunzira oyamba adachilemba pa mayeso omaliza a sekondale m'chaka cha 2018. Pa 19 July 2023 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina kusintha kwa malamulo aakulu kumene kudachiika kukhala chinenero cha 12 cha Boma. Manja aja ankaletsedwa ku Melrose tsopano amaoneka m'Nyumba ya Malamulo, kumene Wilma Newhoudt-Druchen adaloŵa monga phungu woyamba wosamva m'chaka cha 1999. Osaona nawonso adapambana mlandu mu September 2022, pamene Bwalo la Malamulo Aakulu lidagamula, pa pempho la bungwe la Blind SA, kuti lamulo la umwini wa mabuku la m'chaka cha 1978 lidali kuŵalakwira poŵaletsa kusandutsa buku kukhala la Braille popanda chilolezo cha mwini wake.

Ana a anthu obwera, monga a ku Malaŵi, adali ndi chopinga chachiŵiri pamwamba pa kulumala, ndicho zitupa. Sukulu zinkabweza mwana wopanda chikalata cha kubadwa kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo. Mu December 2019, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law lidasumira nduna ya maphunziro, Bwalo Lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti ufulu wa m'gawo 29 ndi wa mwana aliyense amene ali m'dzikomo, kaya ali ndi zitupa kaya alibe. Njira yoloŵera ku thandizo lapadera idalongosoledwa m'ndondomeko ya m'chaka cha 2014 yodziŵika ndi zilembo za SIAS: mphunzitsi ayambe ndiye kulemba zimene waona ndi zimene wayesa, gulu lothandiza la pasukulupo likambirane ndi makolo, ndipo pokhapokha zimenezi zitalephera nkhani ipite ku ofesi ya boma la maphunziro, imene ndiyo imaganizira za kumpezera mwana malo ena. Mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu yongouza kholo pachipata kuti kuno si kwa ana otere. Zaka 20 za chikalata cha 2001 zidatha m'chaka cha 2021 zolinga zake zambiri zisanakwaniritsidwe. Mu September 2024 kudasainidwa lamulo lokonzanso South African Schools Act, limene lidaonjezera kalasi ya Grade R pa zaka zokakamizidwa kuphunzira, nalemba m'lamulo lenilenilo kuti mwana wopanda zitupa alandiridwe pa sukulu ya Boma.